Tsikani m'galimoto, khuthulitsani ndowa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene timakonda kugula zinthu m'mbali mwa msewu. Ine ndimakhala pa Boma la Mchinji, ndipo mwezi ndi mwezi ndimayenda pa M12 kupita ku Lilongwe.

Mwezi wathawu, pobwerera, minibasi yathu inaima penapake tisanafike pa Kamwendo. Mnyamata wina anabwera ndi ndowa ya tomato yosefukira, wapamwamba ali psuu, wonenepa bwino. Kondakitala anali akukuwa kale kuti, "Mayi, fulumirani, tikuchedwa!" Ndinangoponya thumba ndi ndalama pawindo, mnyamatayo n'kuthirira pansi pomwe sindimaona. Kukafika kunyumba, tomato uja sanafike ndi pakati pomwe pa ndowa yanga, ndipo wambiri anali timing'onoting'ono, wina wophwanyika akuchucha madzi. Timaudzu tomwe ndinapeza m'thumbamo ndi timene tinandiuza zomwe zinali pansi pa ndowa ija.

Chiyambire tsiku limenelo sindigulanso pawindo. Ndimatsika, ndimauza wogulitsa kuti akhuthule ndikuona, ndipo ndimasuzumira m'ndowamo. Wachilungamo sakwiya nazo, amachita kukusankhitsa. Wina akangoyamba zoti "simukundikhulupirira, mayi?" ndimapita kwa mnzake. Tomato wokhala ndi zoyerayera ngati ufa, dziwani kuti ndi mankhwala opopera kudimba. Ameneyo mutsukeni mokwanira musanadule, ndipo musam'patse mwana kuti azidya m'njira.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi mtedza, poti kuno kwathu ndiye kuchimake. Ena amauwaza madzi kuti usavute kuswa komanso kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wotere sukhalitsa, umachita chuku, ndipo poizoni wa chukuyo amawononga chiwindi. Sachoka pokazinga kapena posinja nsinjiro. Tapani pang'ono kuchokera pansi pa lichero, mugwedeze m'manja. Wouma umalira, ndipo mukauluma umati khwa. Wonyowa umakhala zii, umanyang'amira m'mano, nthawi zina n'kumanunkha chinyezi. Kaya ndi CG7 wofiira uja kaya Chalimbana, ine ndimakonda kugula wosaswa, ana n'kumaswa madzulo pakhonde.

Zamasamba, monga nkhwani, mpiru ndi bonongwe, pitani m'mawa zisanafote. Madzulo mitengo imatsika ndithu, koma mumatola zotsala. Tengani ndalama zosintha ndi thumba lanu, poti jumbo imang'ambika musanafike ndi pa depoti pomwe.

Pa nkhani yonenerera ndili ndi dandaulo kwa ogulafe. Munthu watsika m'galimoto yake yabwino, n'kumalimbana ndi agogo amene asenza dengu kuchokera kudimba kuti achotse theka la mtengo. M'sitolo za mumzinda munthu yemweyo amalipira osatsegula pakamwa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi mbewu zinakwera kwa agogowonso. Ine ndimapempha basela basi. Pali amayi ena achikulire pa msika wa Boma amene ndimawagula anyezi Loweruka lililonse. Sindinanenererepo, koma akandiona amayamba okha kusankha mitu ikuluikulu, n'kuponyamo ndi tsabola wa kambuzi pamwamba.

Mayi wa ana anayi,
Mchinji Boma