Glyn Jones: dzina lili pamsewu, nanga mbiri yake tinaisiya kuti?

Mkonzi,

Mwezi wathawu ndinapita ku Blantyre kukapimitsa maso, ndipo amene anandiperekeza ndi mdzukulu wanga wa Fomu 4. Titaima pafupi ndi hotela ya Mount Soche kudikira kuti magalimoto achepe, ndinamufunsa kuti Glyn Jones amene anatchulidwa msewu tinkafuna kuwolokawo anali ndani. Anakanda mutu kaye, kenako n'kuti, "Agogo, kapena anali mmishonale." Sindinamuseke. Ine amene ndagwira choko zaka zoposa makumi atatu sindikumbukira kuti ndinayamba ndathapo ola lathunthu ndikuphunzitsa za munthuyu.

Sir Glyn Jones anali Bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland. Anabadwira ku Chester ku Mangalande mu 1908, ndipo mu 1931 anayamba ntchito m'boma la atsamunda ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zambia. Sanayambire pamwamba ayi. Anayamba ngati kabwana ka paboma, ka zamisonkho ndi milandu ya kumidzi, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala woimira boma ku Barotseland, kenako woyang'anira nkhani za anthu akuda m'dziko lonselo. Kuno anafika mu 1960 atatha zaka pafupifupi 30 akuchita ndi mafumu. Ankadziwa kuti munthu wamkulu samukalipira pagulu, umamutengera pambali.

Dziko analipeza likutuluka utsi. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage anali atalamula kuti atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress agwidwe. Anthu oposa 50 anaphedwa, ena mwa iwo ku Nkhata Bay, ndipo Dr Banda anali m'ndende ku Gwelo, ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zimbabwe. Jones ndi amene anatumidwa kukalankhula naye kundendeko asanatulutsidwe pa 1 Epulo 1960. Ubwenzi wa awiriwa unayambira pamenepo, ndipo amene akufuna kumvetsa zimene zinatsatira ayambire pomwepo.

Atakhala Bwanamkubwa mu Epulo 1961, zinthu zinathamanga. Chisankho cha Ogasiti chaka chomwecho Malawi Congress Party inapambana, Dr Banda n'kulowa m'boma ngati nduna. Mu Febuluwale 1963 anakhala nduna yaikulu, chitaganya chinatha kumapeto a chaka chimenecho, ndipo pa 6 Julayi 1964 mbendera yathu inakwera. Apa ndimamuvulira chipewa Jones. Azungu ambiri a m'maesiteti ndi a ku Salisbury (lero Harare) ankafuna kuti azikoka miyendo, iye anaona kuti madzi afika kale m'khosi. Tikayang'ana magazi amene anakhetsedwa ku Southern Rhodesia mpaka 1980, tisapeputse munthu amene anadziwa kuti nthawi yonyamula katundu yakwana.

Koma nkhani yanga yagona pa miyezi iwiri itangodutsa ufulu. Dr Banda anafuna kuti Jones atsale ngati Governor-General, woimira Mfumukazi, ndipo anatsaladi. Posakhalitsa nduna zinayamba kudandaula. Sizinkafuna tiki imene odwala anauzidwa kuti azilipira m'zipatala za boma. Zinkati maudindo akuluakulu akuchedwa kuperekedwa kwa Amalawi, kuti ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique ndi wochititsa manyazi, ndiponso kuti nduna yaikulu ikulamula yokha n'kumazitchula kuti anyamata ake pamaso pa anthu. Jones anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, izi n'zoona. Koma zitavuta, uphungu wake unali wakuti Dr Banda akafunse Nyumba ya Malamulo ngati ikumukhulupirirabe, pamene aliyense ankadziwa kuti m'nyumbamo aphungu ambiri analowa ndi dalitso la Dr Banda yemweyo. Pa 7 Sepitembala 1964 Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, Henry Chipembere naye anatero atabwerako ku Canada.

Ine nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 14, tikukhala ku Zomba kumene bambo anga anali kalaliki wamng'ono m'boma. Kumapeto a mwezi umenewo tauni inasokonekera, ogwira ntchito m'boma akulimbana ndi achinyamata a chipani. Ndimakumbukira usiku wina bambo atakhala pa mtondo kukhitchini, akuponya pamoto timapepala ndi chithunzi chimene anadula m'nyuzipepala, mayi ataima pakhomo kuyang'ana ngati kukubwera munthu. Fungo la pepala lopsa linasakanikirana ndi la nyemba. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Chipembere silinatchulidwenso m'nyumba mwathu mpaka bambo anamwalira. Kumtunda kwake, pamtunda wosakwana kuyenda ola limodzi, Bwanamkubwa anali m'nyumba yake yaboma.

Ena adzati manja ake anali omangika, popeza malamulo a nthawiyo ankati Governor-General azitsata zimene nduna yaikulu yanena. Ndikuvomera. Adzatinso Chipembere atalephera kulanda boma mu Febuluwale 1965, ataukira Fort Johnston (lero Mangochi) n'kukakanika kuwoloka Shire pa Liwonde, Jones anali mmodzi mwa amene anathandiza kuti atuluke m'dziko muno wamoyo kupita ku America. Izinso ndikuvomera, ndipo n'chinthu choyamikika. Komabe munthu amene Dr Banda ankamumvera kuposa mzungu wina aliyense anasankha bata m'malo mwa chilungamo. Kwa iye, ndi kwa amene anamutuma ku London, munthu mmodzi wamphamvu wogwirizana nawo anali wabwino kuposa achinyamata asanu ndi mmodzi ofunsa mafunso. Nduna ya chizungu Colin Cameron inatula pansi udindo mu 1964 pokana lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Jones anakhalabe pampando mpaka 6 Julayi 1966, tsiku limene dziko linasanduka lipabuliki ya chipani chimodzi.

Atachoka kuno sanapume. Anakalangiza boma la Lesotho, anakhala nawo m'bungwe la Pearce limene linafufuza maganizo a anthu a ku Rhodesia mu 1972, ndipo anamwalira mu Juni 1992, miyezi itatu mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma la Dr Banda. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala chaka chomwecho.

Sindikunena kuti dzina lichotsedwe pamsewu. Kufufuta dzina n'kosavuta, penti ndi yotchipa, koma mdzukulu wanga adzakhalabe asakudziwa kanthu. Pempho langa kwa akhonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi oyang'anira zakale n'lakuti aike chikwangwani pamalo poonekera m'mbali mwa msewuwo, cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chonena zaka zimene anatumikira, za ulendo wa ku Gwelo, ndi za Sepitembala 1964, maina a nduna zija alembedwe onse. Aphunzitsi anzanga amene mudakali m'kalasi, pofika pamutu umenewu funsani ana kuti akanakhala iwo m'nyumba yaboma ku Zomba sabata imene ija, akanamulangiza zotani Dr Banda.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Zomba