Lipoti la msonkhano wa mawu ndi zidule zolembera mankhwala

A Wapampando ndi anzanga nonse, ndikuthokoza kuti munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wa anthu opereka mankhwala, ndipo ndikufuna kukutsimikizirani kuti alawansi imene munandipatsa sinapite pachabe. Tsiku loyamba linatha ndi malonje, zolankhula za akuluakulu ndiponso kukumbutsana za kasungidwe ka mankhwala, zimene tonsefe tikuzidziwa kale.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la zidule, lomwe linachitika tsiku lachiwiri. Ambirife timawerenga zidulezi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti zambiri zinachokera ku Chilatini. TDS ndi ter die sumendum, kutanthauza kuti amwedwe katatu pa tsiku, PRN ndi pro re nata, kutanthauza pokhapokha pakafunika, stat ndi statim, ndiye kuti pompopompo, ndipo PO ndi per os, mankhwala odzera m'kamwa. Ngakhale Rx imene imakhala pamwamba pa kalata ya dokotala inachokera ku liwu lakuti recipe, lomwe limatanthauza kuti "tenga".

Kenako mphunzitsi analemba pa bolodi mwachangu, monga mmene dokotala wotopa amalembera, mlingo wa insulini wa 4U, ndiye kuti mayunitsi 4, natifunsa kuti tiwerenge mokweza. Ine ndi ena angapo tinawerenga kuti 40, chifukwa U uja anali atatsekeka pamwamba n'kuoneka ngati ziro. M'chipindamo munangoti zii, pakuti tonse tinadziwa zimene mlingo wotere ungachite kwa munthu wodwala matenda a shuga. Anatisonyezanso kuti kadontho kakapanda kuoneka bwino, 1.0 mg imasanduka 10 mg ndipo .5 mg imasanduka 5 mg, motero tizilemba 1 mg ndi 0.5 mg. Chizindikiro cha µg (maikirogalamu) chikawerengedwa ngati mg (miligalamu), wodwala amalandira mlingo wochuluka ka 1,000. Chidule cha MS ena amachimva ngati morphine sulfate pamene ena amachimva ngati magnesium sulfate. N'chifukwa chake bungwe la Joint Commission la ku America, loona za kagwiridwe ntchito ka zipatala, linakhazikitsa mndandanda wa zidule zoletsedwa mu 2004, ndipo U, IU (mayunitsi a padziko lonse), QD (tsiku lililonse), QOD (modumphitsa tsiku limodzi) ndi MS zili pamndandandawo.

Pano ndiyenera kukumbutsa nkhani imene sinathe. Chaka chatha ndinabweretsa pamaso panu kalata ya mankhwala odontheza m'maso yolembedwa OD, chidule chomwe chingatanthauze kamodzi pa tsiku kapena diso la kumanja. Ndinapempha kuti tilembere olemba mankhwala n'kugwirizana nawo kuti kalata yosamveka izibwezedwa, koma ndinauzidwa kuti ndikuderera madokotala, ndipo mpaka lero kalata yopita kwa olemba mankhwalawo sinalembedwe. Zinandipweteka kumva ku msonkhano kuti anzathu a kwina amachita zomwezo popanda wokwiya. Kufunsa si mwano ayi. Munthu amene amapereka mankhwala ndiye womaliza kuona cholakwika wodwala asanameze piritsi, ndipo ife sitingamafunse ngati foni ya m'chipinda chathu choperekera mankhwala, imene inafa miyezi yapitayo, sikonzedwa.

Msonkhano unagwirizana kuti mankhwala azilembedwa ndi dzina lake lenileni, monga paracetamol kapena amoxicillin, osati dzina la malonda, ndipo izi ndikugwirizana nazo kwathunthu. Ena anafuna kuti zidule zonse za Chilatini zithetsedwe nthawi imodzi, koma ine ndinatsutsa. BD (kawiri pa tsiku) ndi TDS sizisokoneza munthu wophunzitsidwa bwino, ndipo lamulo loletsa zonse palibe amene angalitsate. Tichotse zoopsazo, zinazo zikhale pakati pa ife ogwira ntchito, koma zisafike pa pepala la wodwala. Ngakhale kungomuuza kuti "katatu pa tsiku" sikokwanira, chifukwa ena amamwa katatu konse dzuwa lisanalowe, pamene mankhwala ambiri olimbana ndi mabakiteriya amafuna kuti pazidutsa maola 8. Chimodzimodzi 5/7, imene kwa ife ndi masiku 5, kapena 2/52, imene ndi masabata 2: wodwala sangazimve, ndipo tiyenera kumulembera m'mawu, kenako n'kumupempha kuti abwereze zimene tamuuza.

Phunziro lomaliza, la kadzazidwe ka mafomu a malipoti, linalibe chachilendo.

Ndikupempha a Wapampando kuti nkhani ya kalata yopita kwa olemba mankhwala ndi ya foni zikhale zoyamba kukambidwa pa msonkhano wathu ukubwerawu, ndiponso kuti mundipatse ola limodzi loti ndiphunzitse anzathu atsopano zidule zoopsazi pa bolodi. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a msungichuma.