Dzina la pa boneti silokwanira pogula galimoto

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyikepo mlomo pa nkhani ya magalimoto, chifukwa ndatopa nazo zoti munthu akafunsa kuti ndigule galimoto yanji yolimba komanso yosamwa mafuta, anzake amangoti "gula Toyota basi" nkhani nkuthera pompo, ngati kuti dzina la pa boneti ndi lomwe limazunguza matayala.

Sikuti ndikunyoza Toyota ayi. Corolla inayamba kupangidwa mu 1966 ndipo mpaka lero ikupangidwabe, zimenezo sizichitika mwamwayi. Injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 ija imapezeka mu ma Corolla, ma Probox ndi ma Vitz ena ndi yopirira zedi, ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa timing, ndipo makaniko wozolowera atha kuimasula akucheza. Koma kampani yomweyo inapanganso 2AZ-FE ya malita 2.4 ya mu Camry ndi RAV4, yomwe ya zaka zina inatchuka ndi kumwa oyilo chifukwa cha maring'i a pisitoni. Honda Fit nayo anthu amaikonda, koma ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi a batire) ya 2013 inabwera ndi giyabokosi ya dual clutch yomwe inachititsa kuti ku Japan aitanitse magalimotowo kangapo kukawakonza. Nanga ma airbag a Takata aja? Anali mu Honda, Toyota, Nissan, BMW, Ford ndi ena ambiri, ena amaphulika nkumwaza tizitsulo kumaso kwa oyendetsa, mpaka kampani ya Takata yomwe inkawapangayo inagwa mu 2017. Ndiye funso lenileni ndi loti injini yake ndi iti, giyabokosi yamtundu wanji, ya chaka chiti, ndipo amene anali nayo amaisamala bwanji.

Ine ndinaphunzira nditapsa kale. Galimoto yanga yoyamba ndinagulira dzina, mtundu wake sinditchula poti mlandu sunali wa opanga. Kunja yonyezimira, mkati monunkhira, pa dashibodi ikuonetsa makilomita 60,000 okha, ine mtima nkukhala pansi. Patangotha miyezi itatu inayamba kulira ngati mluzu ndikaponda moto, pokwera chitunda nkumanjenjemera. Makaniko atabwera sanayambe nkutsegula boneti komwe, anagwada nkundionetsa labala wa pa pedulo ya buleki, anali atatha mpaka chitsulo kumaonekera pakona, chiwongolero chosalala ngati chapakidwa mafuta, nkundifunsa kuti bwana, phazi lanji lingadye labala chonchi pa makilomita 60,000? Mayileji anachita kubweza. Atatsitsa oyilo wa mu giyabokosi anatuluka wakuda bii akununkha chopserera, ndipo anapeza kuti ndi giyabokosi ya CVT koma munthu wina ankathiramo oyilo wa otomatiki wamba. CVT imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, imafuna oyilo wake wake, mukaisokoneza lambayo amayamba kuterereka basi yapita. Ndalama zomwe ndinkati ndipulumutsa pa mafuta zonse zinathera pamenepo.

Pa za mafutazi napo tisamangomeza manambala a pa pepala. Toyota Aqua itatuluka mu 2011 inalembedwa kuti imayenda makilomita 35.4 pa lita, koma nambala imeneyo inachokera ku mayeso a JC08 a ku Japan, omwe galimoto imazungulira pa makina m'nyumba, eyakoni yozimitsa, popanda katundu, popanda chitunda. Pa msewu weniweni simungaione, ngakhale kuti Aqua imamwadi pang'ono. Ndipo makampani ena anachita kunama kumene, mu 2016 Mitsubishi inavomera kuti inkakometsera manambala a mafuta pa timagalimoto take tating'ono. Njira yoona ndi yachikale yomwe ija, dzadzitsani thanki mpaka pampu idule yokha, bwezani tiripi (kowerengera makilomita a ulendo pa dashibodi) pa ziro, yendani monga mwa masiku onse, mukadzadzitsanso gawani makilomita ndi malita omwe alowa. Chitani kawiri katatu mudziwa zoona.

Hybrid ndi yabwino, Prius yakhalapo kuyambira 1997 ndiye si zachilendo, koma phindu lake lalikulu lili m'tauni momwe mumangoima nkunyamuka, chifukwa mukaponda buleki batire imatchajika ndipo pa mzere injini imazima. Ngati ulendo wanu ndi wautali wothamanga tsiku ndi tsiku kusiyana kwake ndi galimoto yaing'ono ya petulo kumachepa. Komanso batire imakalamba, ndiye musanalipire ipimitseni pa kompyuta, muonenso ka fani koziziritsa batire komwe kamakoka mpweya cha ku mpando wakumbuyo, kakadzaza fumbi batire imatentha nkufa msanga. Enanso amagula ka injini ka lita imodzi nkumakweza anthu asanu ndi katundu wodzaza buti, kenako nkumadandaula kuti kakumwa, chikhalirecho akukaponda mpaka pansi kuti kasunthe. Matayala opanda mpweya wokwanira ndi mapulagi otha nazonso zimaba mafuta mwakachetechete.

Masipeya ndiye osaiwala, funsani kaye ngati amapezeka komwe mukukhala komanso ngati alipo makaniko woidziwa, apo ayi idzakhala pa miyala miyezi kudikira ka sensa kamodzi.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mukamalemba za magalimoto muzititchulira nambala ya injini, mtundu wa giyabokosi ndi chaka, komanso muzifunsako amakaniko omwe amagona pansi pa magalimotowa, osati ogulitsa okhaokha.

Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse.