Lipoti la msonkhano wa okonza mipando: masofa achilendo ndi zimene zili m'kati mwake

Kwa a Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a bungwe lathu la akalipentala ndi osoka mipando.

Ndikuthokoza pondikhulupirira kuti ndikakuimirireni ku msonkhano uja. Ponyamuka munandipatsira mafunso awiri. Loyamba linali lakuti masofa odabwitsa amene makasitomala akumationetsa pa foni masiku ano, ena opindika, ena opanda miyendo, ena ooneka ngati milomo ya munthu, kodi tingawakwanitse? Lachiwiri linali lakuti kodi ndi oyenera kuwatayira nthawi ndi zipangizo? Yankho langa ndi lakuti ambiri mwa iwo tingawapange ndithu, koma osati pongoyang'ana chithunzi. Sofa iliyonse yachilendo imene yakhalitsa pamsika inabadwa chifukwa cha kapangidwe ka m'kati, ndipo maonekedwe akunja anachita kutsatira. Wotengera kunja kokha amapanga chinthu chokongola tsiku loperekera, kenako kasitomala n'kubwera nacho chitafwafwanizika.

Za kayendedwe ka msonkhano sindichulukitsa. M'mawa tinkamvera ophunzitsa, masana tinkalowa m'holo ya chionetsero mmene ankatilola kukhalira mipando, kuigubuduza ndi kusuzumira pansi pake. Masofa otchuka akale ambiri tinawaona pa zithunzi ndi pa mapulani, pamene m'holomo munali ntchito za anzathu amene anabwera nazo.

Phunziro limene linanditsegula maso linali la mbiri ya siponji. Kale sofa inali felemu ya matabwa, masipuling'i, ubweya kapena thonje, nsalu pamwamba. Thabwa limakonda kuwongoka, n'chifukwa chake masofa ambiri ankatuluka a ngodya zinayi. Mankhwala a polyurethane anawatulukira Otto Bayer ndi anzake ku Germany mu 1937, ndipo siponji yofewa yochokera ku mankhwalawa inayamba kupezeka pamsika m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira pamenepo wopanga mipando akanatha kusema mpando mmene wosema amasemera mtengo. Chitsanzo chosavuta ndi Superonda ya gulu la Archizoom la ku Italy, imene kampani ya Poltronova inayamba kupanga mu 1967. Anangotenga chibuma chimodzi cha siponji n'kuchidula pakati mokhotakhota, zidutswa ziwirizo n'kuzikuta ndi nsalu yonyezimira. Ukaziphatikiza ndi bedi, ukaimika china kumbuyo kwa chinzake ndi sofa. Palibe thabwa, palibe msomali, ndipo palibe siponji yotayika chifukwa mpeni unangodutsa kamodzi.

Sofa ya milomo ija, imene ambiri mwa inu munandiuza kuti ndikafunse, ili ndi mibadwo iwiri. Yoyamba ndi ya wojambula zithunzi wa ku Spain Salvador Dalí, ya cha m'ma 1937 ndi 1938, yotengera milomo ya Mae West, mayi wosewera m'mafilimu wa ku America, ndipo inali ndi felemu ya matabwa. Imene imafala pa intaneti ndi Bocca ya gulu la Studio 65 la ku Italy, yopangidwa ndi kampani ya Gufram kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ya siponji yokutidwa ndi nsalu yotambasuka. Kuipanga sikovuta kwenikweni. Koma ine ndikuti tisayambire pamenepo. Ilibe poika mikono, chotsamira chake n'chachifupi, ndipo imayenera malo ojambulira zithunzi kapena pofikira alendo mu saluni kusiyana ndi pabalaza pamene banja limakhala madzulo onse. Wina akaitanitsa, mupangireni, koma mumuuziretu zimenezi.

Nkhani imene ndikufuna muisunge ndi ya Marshmallow. Sofa imeneyi inatuluka mu 1956 ku kampani ya Herman Miller ya ku America, yojambulidwa mu ofesi ya George Nelson ndi mmisiri wake Irving Harper. Ili ndi makhushoni ozungulira 18 omangidwa pa felemu ya chitsulo, khushoni iliyonse payokha, moti ukaiona umayesa kuti akulendewera m'malere. Anaijambula atalonjezedwa kuti makina azitha kuumba makhushoniwo mwachangu ndi motsika mtengo. Makinawo atalephera, panalibenso kuchitira mwina koma kudula, kukuta ndi kusoka khushoni iliyonse pamanja. Ntchito ya sofa imodzi inasanduka ntchito ya timipando 18, mtengo unakwera, ndipo pa ulendo woyamba masofa amene anapangidwa sanafike 200. Lero ndi yotchuka, ili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, koma pa nthawi yake sinayende malonda. Ife tonse timasoka pamanja. Musanavomere ntchito yachilendo, werengani zidutswa, werengani misoko, kenako mutchule mtengo. Ambirife timatchula mtengo poyeza kutalika kwa sofa, pamene masiku amathera m'misoko.

Sofa ya Togo ya Michel Ducaroy, ya kampani ya Ligne Roset ya ku France, inatuluka mu 1973 ndipo mpaka pano ikupangidwa. Ilibe felemu ngakhale pang'ono. Ducaroy ankati anaitengera ku chubu cha mankhwala otsukira mano chopindidwa. Chinsinsi chake ndi siponji za kulimba kosiyanasiyana zomatidwa pamodzi, yolimba pansi ndi kumsana, yofewa pamwamba, ndipo makwinya a nsalu aja si okongoletsa chabe, ndi amene amalola nsalu kutsatira kupindikako popanda kung'ambika. Wotengera chithunzi amagula siponji ya mtundu umodzi, n'kudabwa kuti sofa yagonera kumbuyo pakangotha miyezi yochepa.

Tsopano ndifike pa zimene ndikuona kuti n'zathu. Ndi masofa a zigawozigawo, amene mwini nyumba amatha kuwalumikiza ndi kuwalekanitsa mmene wafunira. Camaleonda ya Mario Bellini, ya 1970, ili ndi zigawo za masentimita pafupifupi 90 mbali zonse. Zingwe zimene zimakoka siponji kuti ituluke timapiri tija zimathera pa mphete zachitsulo, ndipo pa mphete zomwezo ndi pamene amakolekapo chotsamira kapena chigawo china. Chokongoletsa ndi cholumikizira n'chimodzi. Anasiya kuipanga kwa zaka zambiri, kampani ya B&B Italia n'kuibwezeretsa mu 2020, ndipo n'chifukwa chake yadzaza pa mafoni a makasitomala athu. DS-600 ya kampani ya de Sede ya ku Switzerland, ya 1972, ndi tizigawo tating'ono ta chikopa tolumikizidwa ndi zipi, moti imatalika mmene ungafunire ndipo imakhota kutsatira chipinda. Mah Jong ya Hans Hopfer, ya kampani ya Roche Bobois mu 1971, ndi makhushoni akuluakulu oyalidwa pansi ndi kusanjikizidwa, iliyonse ndi nsalu yakeyake.

Taonani ubwino wake kwa munthu wa shopu yaing'ono. Umadula patani imodzi n'kuibwereza kambirimbiri, ndiye wophunzira ntchito amaigwira msanga. Chigawo chimodzi chimalowa pakhomo lililonse, pamene sofa yaitali yopindika imatha kukanirira pakhomo la masentimita 80 kapena pokhotera masitepe. Kasitomala angagule zigawo zitatu lero n'kudzawonjezera china chaka chamawa, ndipo ndiye kuti wabwereranso kwa iwe. Chigawo chimodzi chikang'ambika, chimabwera chokha kudzakonzedwa. Vuto lake ndi limodzi ndipo anatichenjeza nalo mobwerezabwereza: zigawo zimatayana ana akayamba kudumphapo, munthu n'kugwera pampata. Cholumikizira chisakhale choganizira pomaliza. Mbedza zachitsulo zapansi, malamba kapena zipi yolimba zikhale pa pulani kuyambira tsiku loyamba, ndipo pansi pa zigawo pakhale labala kuti zisamatsetsereke pa simenti kapena pa matailosi.

Masofa opindika nawo anatenga nthawi yaitali. Vladimir Kagan anajambula Serpentine mu 1950, kuti anthu osonkhanitsa zithunzi zapakhoma azikhala pakati pa chipinda n'kumaona makoma onse. Tanthauzo lake n'lakuti sofa yopindika si yoyedzeka kukhoma. Imadya malo, ndipo kumsana kwake kumaoneka, kotero nsalu yotchipa imene tinazolowera kubisa kumbuyo siloledwa. Mufunseni kasitomala kukula kwa chipinda chake musanagule thabwa.

Felemu yake siidetsa nkhawa. Amadula nthiti zopindika pa plywood yokhuthala, n'kukuta ndi plywood yopyapyala imene imapindika, kapena kumata zopyapyala zingapo pa chikombole. Pamene pamagona nkhani ndi pa nsalu. Mayi wina wosoka mipando anationetsa pamaso pathu. Anayala nsalu wamba m'kati mwa chotsamira chopindika, ndipo pakati inangoti njo ngati ng'oma osakhudza siponji, m'mbali n'kuunjikana makwinya. Anaichotsa, anaidula m'zigawo zoimirira zopapatiza kumunsi, anasokerera kansalu kumbuyo kwa msoko uliwonse, n'kukokera kansaluko kupyola siponji mpaka kukakakhomera pa felemu. Atamaliza anatiitana kuti tipititsepo chikhatho, ndipo panalibe pamene panali mphako. Anawonjeza kuti nsalu ya mizere kapena ya maluwa akuluakulu siyenera sofa yopindika chifukwa mizereyo sikumana pa misoko. Nsalu ya mtundu umodzi, yokhakhala pang'ono kapena yotambasuka, imabisa zambiri.

Pakona ina ya holo panali masofa awiri ochekedwa pakati ndi sowo, ofanana kunja ngati mapasa. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira akuluakulu aja akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Imodzi inali ndi matabwa ouma, ngodya zomangidwa ndi tizidutswa tolimbitsa, guluu ndi masikuluu, malamba okokedwa bwino, siponji yosanjikizidwa, ndi thonje lopyapyala pakati pa siponji ndi nsalu kuti zisamakhulane. Inzake inali matabwa aawisi okhomedwa ndi mapini okha, makatoni m'mbali, ndi siponji yopepuka imene ukaifinya ndi chala imachedwa kubwerera. Tiyenera kusiyanitsa kulimba kwa siponji ndi kulemera kwake. Nambala imene ogulitsa amalemba kuti density ndi makilogalamu amene chibuma cha mita imodzi mbali zonse chimalemera. Siponji ikhoza kukhala yolimba pokhalapo koma yopepuka, ndipo yotereyo imafa msanga. Pokhalira pamafunika ya makilogalamu 30 kupita m'mwamba, yopepukirapo ipite kotsamira ndi m'mikono. Pa sofa yopanda felemu nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa siponjiyo ndiyo mafupa ake.

Ndinenenso za moto, ngakhale sizinali pa mafunso anu. Siponji ya polyurethane imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha. N'chifukwa chake dziko la Britain linakhazikitsa malamulo a moto pa mipando ya m'nyumba mu 1988. Sofa yachilendo imakhala ndi siponji yambiri kuposa ya masiku onse. Tikamagula tizifunsa ngati ilipo yochedwa kuyaka, ndipo m'mashopu mwathu zidutswa za siponji zisaunjikidwe pafupi ndi powotcherera zitsulo.

Panabuka mtsutso pa masofa aafupi kwambiri, okhala ngati uli pansi. Achinyamata ankati ndiwo akufunidwa, achikulire ankati ndi msampha. Ndinakhalira imodzi ya mnzathu wina, yofewa bwino zedi, koma podzuka ndinachita kugwira pansi ndi dzanja. Ine ndili mbali ya achikulire, ngakhale osati kwathunthu. Sofa imene anthu ambiri amadzukapo mosavuta imakhala ya masentimita 40 mpaka 45 kuchokera pansi, ndipo pokhalira pake pamalowa masentimita 50 mpaka 60. Ukatsitsa kwambiri, agogo, amayi oyembekezera ndi odwala mawondo wawachotsa pabalaza. Njira yapakati ilipo: maonekedwe aafupi aja asungidwe, koma pansi pakhale tsinde lobisika lokweza sofayo, ndipo chigawo chimodzi chikhale ndi mkono wolimba wogwirira.

Sofa ya Boa ya abale awiri a ku Brazil, Fernando ndi Humberto Campana, ya kampani ya Edra mu 2002, ndingoitchula. Ndi chubu cha veleveti cha mamita 120 cholukidwa pamanja. N'chosangalatsa kuchiona, koma si cha ife pakali pano.

Nkhani ya kukopera inakambidwa mosabisa. Masofa onse ndatchulawa ali ndi eni ake, ambiri akupangidwabe, ndipo m'mayiko ambiri kupanga chofanana ndendende n'kumachigulitsa ndi dzina la mwini wake ndi mlandu. Njira yolumikizira zigawo, kusanjikiza siponji ndi kukoka nsalu ndi luso la aliyense. Dzina ndi chifanizo chenichenicho n'za eni. Kasitomala akabwera ndi chithunzi, mufunseni chimene chamukopa. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi kupindika, kufewa kapena mtundu wa nsalu, ndipo zimenezo mukhoza kumupatsa pa pulani yanuyanu yoyenera chipinda chake.

Pempho langa kwa a komiti ndi lakuti tisankhe mamembala ochepa, akalipentala ndi osoka pamodzi, apange chigawo chimodzi chapakati ndi chimodzi chapakona cha sofa ya zigawozigawo, kuti tiyese zolumikizira ndi kulemba maola amene ntchitoyo yadya. Zikatheka tizisiye pa ofesi yathu kuti aliyense wobwera azikhalira, ana omwe, tione mmene zikhalire pakapita miyezi. Sofa yopindika idikire mpaka tichite tsiku lophunzitsana kadulidwe ka nsalu, ndipo ndine wokonzeka kuonetsa zimene mayi uja anationetsa. Ndikupemphanso a msungichuma kuti aone ngati tingamagule siponji yolemera pamodzi ngati bungwe, popeza munthu mmodzi samaliza chibuma chonse.

Mapulani, zithunzi za masofa ochekedwa aja ndi tizidutswa ta siponji ta manambala osiyanasiyana ndasiya kwa a mlembi. Amene mukufuna kukhala m'gulu loyesera mulembetse kwa iwo msonkhano wa mwezi wamawa usanafike.

Ine wanu pa ntchito,
Nthumwi ya bungwe