Mwana wanga, za mlatho uja ndi mnzako uja

Zithunzi zija taziona, amako mpaka anakaonetsa anzawo a kumvano. Wanenepa ndithu. Koma ine maso anga anali pa mlatho uli kumbuyo kwakowo, Pont du Gard wa ku France komweko, ndiye ndinamuuza mng'ono wako andiwerengere zonse pa foni, ukudziwa ine za zomangamanga sizindipita.

Iwe, mamita pafupifupi 49 kupita m'mwamba, ma arch, zipata zokhota ngati uta zija, osanjikizana katatu, miyala ina yolemera mpaka matani 6 ndipo yambiri anangoisema n'kuikhazika popanda matope pakati! Ine moyo wanga wonse kukangana ndi mabwana za matumba a simenti, pomwe Aroma anamanga chimenechi zaka pafupifupi 2000 zapitazo, mtsinje wa Gardon umasefukira koma chili nji. Ndipo sanamangire anthu oyenda pansi ayi, unali wodutsitsa madzi ochokera ku akasupe a kufupi ndi Uzès kupita mumzinda wa Nîmes, ngalande ya makilomita pafupifupi 50 koma kutsetsereka kwake konse mamita 12 ndi kanthu basi. Levulo yake imeneyo! Ukukumbuka utagwetsera levulo yanga m'chitsime n'kunamizira mbuzi? Ndimasekabe mpaka pano.

Koma sindinakhalire pansi kuti ndilembe za miyala. Ndamva zoti ndalama ya sikolashipu ikumatha mwezi usanafike pakati, ndipo mnzako wakukolekera mkono pachithunziyo ndi amene amaitanitsa vinyo, wolipira n'kukhala iwe. Usafunse wandiuza ndani. Mwezi watha unapempha amako mobisa, munthu uli ku France kupempha mayi wogulitsa tomato, manyazi ulibe kodi?

Mng'ono wako atafika poti madzi aja anasiya bwanji kuyenda ndinamuuza abwereze. Anthu anangosiya kupala m'ngalandemo, laimu wa m'madzi kuunjikana m'makoma mpaka njira inachepa, alimi a m'mbali nawo kuboola kuti azithirira minda yawo, ndiye pofika zaka za m'ma 500 ku Nîmes madzi osafikanso. Mlatho uli chiimire, a bungwe la UNESCO anaulemba mu 1985 pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse, alendo kujambulitsa tsiku ndi tsiku, koma pamwamba pake pouma gwaa. Ndinayang'ananso chithunzi chako, jekete yatsopano, nsapato zonyezimira, ndinangokhala chete.

Mnzakoyo ndi mlimi woboola ngalande, ndikukuuza ine. Amalume ako aja anayambanso chonchi, botolo limodzi Loweruka ndi anzawo, ndipo tsiku lomwe tinkawanyamula anzawowo unawaonapo ndani? Sindikuti usakhale ndi anzako, kunja n'kozizira ndipo ndikudziwa umasowa wocheza naye, koma tayesa tsiku limodzi kunena kuti lero ndilibe, uone ngati mawa abwerenso. Tsiku limodzi lokha. Ndalama ikangolowa lipira lendi kaye, gula chakudya, yotsalayo ndiye uziganiza. Ndipo amako usawapemphenso, BP yawo ukuidziwa, ngati zavutadi uza ine ndikukalipire kenako tione chochita.

Ukapitakonso undijambulire pafupi miyala yotulukira kunja ija, akuti ndi pomwe ankatsamiritsa sikafodi, ndikufuna ndione ndi maso anga. Upite wekha. Uimbe Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, agogo ako akufuna amve mawu ako.

Ndine bambo ako.