Kwa mwana wanga amene wakhala matroni

Mwana wanga,

Uthenga wako unandipeza pamsika wa Lizulu ndikugulitsa kachewere, ndipo ndinalulutira mpaka anthu kutembenuka. Ndiye akupatsa umatroni! Poti unamwinowo ndinaugwira mpaka kupuma, ndilole ndikutsine khutu.

Chimene chingakudanitse ndi anamwino ako ndi rosta, ndandanda wa ogwira masana ndi usiku uja. Malipiro suwakonza iwe, mankhwala akachedwa kuchokera ku Central Medical Stores si mlandu wako, koma wochezera kuwodi usiku wa Khirisimasi umulemba ndiwe ndi dzanja lako. Ine matroni wina anandiika naiti milungu itatu yotsatizana m'mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno ukukudziwa, iwe ukuyamwa, pamene mnzake wa kutchalitchi ankangogwira masana okhaokha. Sindinayankhule kanthu, koma mpaka lero ndikamva dzina lake nsima siitsika. Rosta uziipachika msanga, poyera, aliyense aone kuti naiti ikuzungulira onse. Lokamu nayonso, ntchito yowonjezera yolipidwa padera ija, usamagawire okhawo amene amakusekerera, ndipo ndalama zake usalonjeze tsiku, poti sizichokera m'thumba mwako.

Mpando wa muofesi usakukomere. Nthawi zina uzitulukira kuchikuta pakati pa usiku, osati kukagwira ogona, koma ukaone wekha mzamba mmodzi akuthamangira amayi atatu. Mawa lake ukamapempha anthu owonjezera kwa akuluakulu, udzayankhula zimene waona.

Namwino akalakwitsa, usamukalipire pamaso pa odwala ndi magadiyani. Muitanire pambali, umve kaye mbali yake. Koma wotukwana mayi pobereka, kapena wosowetsa pethidine, mankhwala amphamvu oletsa ululu aja, m'kabati, ameneyo mulembere. Ngati nkhani iyenera kufika ku Nurses and Midwives Council, ifike, kaya ndi mnzako wa ku Kamuzu College of Nursing amene munkabwerekana sopo.

Usaiwalenso kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mvula isanagwe, werenga wekha madiripi, magolovesi ndi kolorini. Za m'kaundula zokha usazikhulupirire, tsegula katoni uone.

Bambo ako akudandaula bondo lomwe lija, koma kumunda sakuleka. Ukapeza ofu ubwere ndi adzukulu anga, thumba lako la kachewere ndaliika padera.

Ndine,
Mayi ako