Za ndudu ija unapempha kwa mnzako

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti unafika bwino ndipo ntchito wayamba kuizolowera. Amayi ako akupereka moni. Sakudziwa kuti ndikukulembera kalatayi, ndipo zomwe ndamvazi sindinawauze. Ukuwadziwa mmene amachitira akangomva mawu oti fodya.

Mlongo wako usamukwiyire. Sanachite kukunenera, zinangomupulumuka pakamwa. Timacheza za tsiku lomwe anakuperekeza lija, iye n'kunena moseka kuti batire ya kachipangizo kako kaja, ndudu yamagetsi, inatha muli m'njira, ndiye iwe unapempha ndudu kwa mnzako wamtali uja. Ataona nkhope yanga anasiya kuseka n'kuti, "Inali imodzi yokha, bambo." Mawu amenewo ndimawadziwa bwino. Ndinawanenapo ine kwa agogo ako ndili ndi zaka 17, atandinunkhiza malaya, ndipo imodzi yokhayo inandisunga zaka 22.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Tsiku lomwe unabwera nako kachipangizoko, unandipatsa kuti ndikagwire. Kanali kopepuka, kosalala, kokhala ngati cholembera chonenepa, kakayaka kagetsi kunsi ukakakoka. Utsi wake unkanunkhira maswiti. Unati, "Bambo, uyu si fodya, ndi nthunzi chabe." Ine ndinakatembenuza m'manja, ndinaseka, n'kukubwezera. Mumtima ndinati bola zimenezi kusiyana ndi zomwe ndinkachita ine. Ndinayenera kukufunsa funso limodzi lokha tsiku limenelo, loti muli nikotini, mankhwala a mu fodya opatsa chibaba aja, wochuluka bwanji. Sindinafunse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ine amene ndinalumidwapo ndi nyererezo ndinakhala chete.

Tsono tamvera. Chomwe chinandimanga ine sichinali pepala loyera la ndudu kapena utsi. Chinali nikotini. Ukakoka, pakangopita masekondi ochepa amakhala atafika ku ubongo, mtima n'kukhala m'malo, mapewa n'kumasuka. Pakapita ola limodzi kapena awiri, mpumulo uja watha, ndiye thupi likufunanso. Poyamba umasuta kuti umve kukoma. Pambuyo pake umasuta kuti ungokhala ngati munthu wabwinobwino, kuti usakalipire anthu popanda chifukwa. Chibaba sichisankha chotengera. Chikakugwira, sichifunsa ngati nikotiniyo akuchokera m'botolo la madzi onunkhira kapena m'ndudu. Chimangofuna afike. Ndiye batire ikatha, kapena madzi aja akatha usiku, kapena kachipangizo ukakaiwala, dzanja limapita lokha pa chomwe chili pafupi. Chomwe chili pafupi nthawi zonse ndi ndudu, chifukwa imapezeka paliponse ndipo sifuna kutchaja.

Zimenezo ndi zomwe zinakuchitikira pa ulendo uja. Sunapemphe ndudu chifukwa choikonda. Ndikudziwa kuti fungo lake umadana nalo, unali kuthawa m'chipinda ndikayatsa. Unapempha chifukwa thupi linakutuma.

Ukukumbukira mmene unandibisira machesi m'nsapato ya amayi ako? Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinasakatula nyumba yonse, ndinakalipira amayi ako, ndinakalipira mlongo wako amene sankadziwa kanthu. Iwe unali pakhomo ukundiyang'ana, manja kumbuyo. Nditawapeza sindinakufunse n'komwe chifukwa chomwe unawabisira. Ndinatuluka panja kukayatsa, manja akunjenjemera, ndinathyola timitengo tiwiri ka chitatu n'kuyaka. Chomwe sunachione n'chakuti masiku ena usiku ndudu zikatha, ndinkatola tizidutswa tomwe ndinataya kale masana, ndikutifumbula, ndikusonkhanitsa fodya wakudayo pa kapepala n'kupichira. Bambo wa ana atatu, atagwada pansi ndi tochi. Sindinauzepo munthu zimenezi, ngakhale amayi ako.

Ndikudziwa zomwe undiyankhe, chifukwa unandiyankhapo kale. Uti ku England akuluakulu a zaumoyo ananena mu 2015 kuti ndudu zamagetsi n'zochepa kuopsa ndi 95 peresenti poyerekeza ndi fodya. N'zoona, ananena. Ndipo sindikutsutsa kuti chinthu chosayaka moto n'chosiyana ndi chinthu choyaka. Mu utsi wa ndudu muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewo amayambitsa khansa. Kachipangizo kako sikatentha fodya, ndiye phula lija lomwe limada m'mapapo mulibe. Koma uwerenge bwino kuti ankauza ndani. Ankauza anthu ngati ine wa nthawi ija, osuta paketi pa tsiku, olephera kusiya. Madokotala omwewo a ku England amanenanso mobwerezabwereza kuti ngati susuta, usayambe n'komwe kukoka zamagetsizi. Iwe sunali kusuta. Unali ndi mapapo abwinobwino, othamanga nawo mpira mphindi 90. Watenga ndodo ya munthu wothyoka mwendo n'kuyamba kuyendera miyendo yako ili yonse, ndiye lero ukulephera kuyenda popanda ndodoyo.

Ukudziwa kuti ndikapanikizika ndimawerenga, ndiye masiku apitawa ndawerenga mpaka maso kuwawa. Mu 2017 ofufuza a ku America anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wotsatira achinyamata oposa 17,000. Mwa omwe anali asanasutepo ndudu koma anayesapo zamagetsi, oposa awiri pa khumi aliwonse anadzayamba ndudu. Mwa omwe sanayesepo, sanakwane ngakhale mmodzi pa khumi. Chaka chotsatira, mu 2018, bungwe la asayansi la National Academies la dziko lomwelo linati umboni ulipo wokwanira woti wachinyamata wokoka zamagetsi amakhala pa chiopsezo chachikulu choti adzayese ndudu.

Sindikubisira kuti ena amatsutsa. Amati mwana woyesa zamagetsi ndi yemwe uja woyesa chilichonse, ndiye ndudu akanaiyesabe. Amalozanso ku America komweko, kuti mu 2019 ana a sekondale oposa mmodzi pa anayi aliwonse ankakoka zamagetsi, koma osuta ndudu m'sukuluzo anapitirirabe kuchepa. Mwina akunena zoona za dziko lonse. Asiye azikangana, ndi ntchito yawo. Koma ine ndimakudziwa. Sunali mwana woyesayesa zinthu. Anzako atayamba mowa iwe unkabwera kunyumba msanga. Fodya unkanyansidwa naye chifukwa cha ine. Pakanapanda kachipangizo konunkhira zipatso, ndi chiyani chikanakufikitsa poti utambasule dzanja n'kuti "ndigawireko imodzi"? Undiyankhe funso limenelo ukamandiimbira, osati za ma peresenti.

Ndipo uganizirenso za omwe akukugulitsa. Munthu amene anapanga ndudu yamagetsi ya masiku ano ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, mu 2003. Iye anali wosuta kwambiri, ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Cholinga chake ndikuchimvetsa, ndipo ndimamumvera chisoni. Koma taona komwe zinathera. Kachipangizo kotchedwa Juul katatuluka mu 2015, kanagwiritsa ntchito mtundu wa nikotini wosakanda pakhosi, moti mwana wosadziwa kusuta amatha kukoka wambiri osatsokomola. Kabotolo kamodzi kakang'ono kanali ndi nikotini wofanana ndi paketi yonse ya ndudu 20. Ine ndudu yanga yoyamba inandikhosomoletsa mpaka misozi, ndinachita chizungulire, ndinatsala pang'ono kusanza. Thupi linkandichenjeza, kungoti sindinamvere. Inu chenjezo limenelo anakuchotserani, m'malo mwake anaikamo kukoma. Kenako mu December 2018 kampani ya Altria, yomwe imapanga ndudu za Marlboro ku America, inagula gawo la 35 peresenti la kampani ya Juul ndi ndalama zokwana madola 12.8 biliyoni. Anthu ogulitsa fodya sataya ndalama zotere pa chinthu chomwe akuona kuti chiwathera makasitomala. Ngakhale ku Britain komwe umakonda kutchulako, kuyambira pa 1 June 2025 analetsa kugulitsa tizipangizo tija tokoka n'kutaya, ndipo china mwa zifukwa zake chinali ana.

Ndatalikitsa za kunja. Ndibwerere kwa iwe.

Mnzako wamtali uja sindimuda. Ndi waulemu, amandipatsa moni bwino. Koma amayenda ndi paketi m'thumba, ndipo munthu wosuta sakana kugawira, ndikudziwa chifukwa ndinali wotero. Timagawa mokondwa, chifukwa kusuta wekha kumachititsa manyazi. Sindikuti usiye kucheza naye, ndiwe munthu wamkulu. Ndikuti akatulutsa paketi, iwe uchoke pamenepo. Pita kukasamba m'manja, yankha foni yomwe sinalire, chita chilichonse. Ndiponso kuntchito kwakoko upeza kagulu kotuluka panja nthawi yopuma. Kagulu kameneko kamakoma, nkhani zonse za mu ofesi zimakambidwa kumeneko. Ine ndinakhalamo zaka zambiri. Usalowemo, ngakhale utati ukungokaima ndi kachipangizo kako.

Amalume ako sunawaone masabata awo omaliza, tinakubisira chifukwa unali pa mayeso. Ine ndinkagona nawo m'chipatala. Kupuma kwawo kunkamveka ngati munthu akukoka madzi otsala pansi pa kapu ndi kapaipi. Usiku wina anandikodola, ndinaweramira pafupi kuti ndimve, ndimayesa akufuna kundisiyira mawu a ana awo. Anandipempha ndudu. Anali ndi machubu m'mphuno, sankatha kumaliza chiganizo, koma anandipempha ndudu. Ndinatuluka panja n'kulira, ndipo paketi yomwe inali m'thumba mwanga ndinaisiya pa benchi. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati fodya amapha mpaka theka la anthu omwe amamusuta osasiya. Ine ndi amalume ako tinayamba chaka chimodzi, tinali awiri.

Pali wina amene ndikumuopera kuposa iwe. Mng'ono wako ali ndi zaka 15, ndipo chilichonse chomwe uchita amachiona ngati lamulo. Amayenda ngati iwe, amameta ngati iwe. Sabata yatha ndinamupeza akukoka chivundikiro cha cholembera n'kuuzira m'mwamba, milomo atailozetsa mmene umachitira iwe. Atandiona anachibisa. Ubongo wa munthu umakulabe mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo nikotini akalowa msanga amakhazikika kwambiri. Iwenso 25 sunafike. Ukabwera pa tchuthi, kachipangizoko ndisadzakaone m'nyumba muno. Pamenepa sindikukupempha.

Tsono chita ichi. Kasiye masiku atatu, osakhudza, osapemphanso ndudu. Ukatha bwinobwino, ndiye kuti ndadandaula pachabe, katayiretu tiiwale. Ukaona kuti tsiku lachiwiri mutu ukuwawa, tulo tasowa, aliyense akukunyansa, udziwe kuti chibaba chakugwira, ndipo usachite manyazi. Sabata yoyamba ndiyo yowawitsa, kenako zimapepuka pang'onopang'ono. Chibaba chikabwera chimakhala mphindi zochepa n'kupita, ungochidikira, imwa madzi, yenda. Zikakukanika wekha pita ukaonane ndi dokotala, pali zomata pakhungu ndi zotafuna zomwe zimathandiza kuchepetsa nikotini pang'onopang'ono. Ine ndinalephera kanayi. Kachisanu ndi komwe ndinatha, ndipo amayi ako ndi amene akudziwa zomwe anapirira mwezi umenewo.

Koma chinthu chimodzi undilonjeze. Ngakhale zitavuta bwanji, usabwerere ku ndudu. Ngati uli pakati pa ziwirizi ndipo mphamvu zakuthera, bola ukoke kachipangizo kakoko tsiku limenelo, mawa uyambirenso kulimbana. Kundiwawa kulemba zimenezi, koma ndi zoona. Ndipo usamachite zonse ziwiri n'kumadzinamiza kuti wachepetsa. Ngati ndudu ija sinali yoyamba, ngati pali paketi m'chikwama chako pano, undiuze. Sindikalipa. Mwina ndikalipa pang'ono, koma ndimva. Chomwe sindifuna n'kudzamvanso kwa mlongo wako.

Unali mwana wabwino ndipo ukadali wabwino. Tsiku lomwe ndinkakuphunzitsa njinga ndinathamanga pambuyo pako mamita ochepa okha, n'kuima nditagwira mawondo, chifuwa chikulira. Iwe unatsika, unabwerera ukukankha njinga, n'kundifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, ndatopa chabe. Ndinali ndi zaka 38.

Jekete lako lakuda unaliiwala kuseri kwa chitseko. Ndapeza timabotolo tiwiri topanda kanthu m'thumba lake lam'kati, ndataya amayi ako asanalichape. Ndikutumizira ndikapeza wobwera kumeneko. Undiimbire Lamlungu madzulo, nthawi yomwe amayi ako amakhala atatuluka.

Ndine,
Bambo ako